Za chitsamba cha smooth false indigo: yankho kwa achemwali

Achemwali, funso lanu ndinaliona m'mawa koma ndinati ndiyambe ndaweruka kuti ndiyankhe modekha. Mwati mwana wanu amene ali pasukulu ku Oklahoma, ku America, wakutumizirani chithunzi cha chitsamba chotchedwa smooth false indigo, ndiye mukufuna kudziwa ngati ndi indigo uja amapangira utoto wa buluu wonyikira nsalu, komanso ngati angakubweretsereni mbewu yake mudzale kumunda. Ena ayankha kale kuti ndi chinthu chimodzi. Ayi ndithu. Chibale chilipo, koma ndi cha patali.

Dzina lake lasayansi ndi Amorpha laevigata. Maina otere amayenda ngati mmene timatchulira munthu ndi chiwongo chake, kungoti kuno chiwongo chimatsogola. Amorpha ndiye chiwongo, monga Phiri kapena Banda, ndipo laevigata ndiye dzina la mwiniwakeyo. Chiwongocho anachikhazikitsa Carl Linnaeus, katswiri wa zomera wa ku Sweden, mu 1753, ndipo dzina loti laevigata anapereka ndi Thomas Nuttall, Mngelezi amene anayendayenda kwambiri ku America kutola zomera m'zaka za m'ma 1800. M'Chilatini laevigata ndiye kuti chosalala, chifukwa nthambi ndi masamba ake zilibe cheya chambiri ngati abale ake ena. Pali m'bale wake wina, Amorpha canescens, amene ali ndi cheya chotuwa thupi lonse ngati wamuwaza phulusa.

Mukakwera m'mwamba pa mzere wa chibalewu, a Amorpha ali m'fuko lotchedwa Amorpheae, fukolo lili m'chigawo cha Faboideae, ndipo chigawocho chili m'banja lalikulu la Fabaceae. Banja limeneli musaliope dzina, mumalidya tsiku ndi tsiku. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, mtedza ndi soya zonse ndi za momwemo, ngakhalenso ombwe ndi gliricidia zimene alangizi amatiuza kudzala kuti zibwezeretse chonde. Ndi banja lachitatu pa kukula mwa mabanja onse a zomera zamaluwa, la mitundu yoposa 19,000. Indigo weniweni nayenso ali m'banja lomweli, koma chiwongo chake ndi Indigofera, ndipo wotchuka pa utoto ndi Indigofera tinctoria amene ku India akhala akumulima kuyambira makedzana.

Tsono pali chinthu chimene chimandisangalatsa kwambiri pa chitsamba chimenechi, ndipo ndikupempha muchiyese nokha. Pitani kumunda muthyole duwa limodzi la nandolo kapena la nyemba, mulifunyulule pang'onopang'ono ndi chikhadabo. Kumbuyo mupeza kasamba kakakulu kotambasuka. M'mbali muli tiwiri tokhala ngati mapiko a gulugufe. Pansi pali tiwiri togwirana, topanga kabwato, ndipo m'kabwatomo ndi mmene mwabisala tinthambo tonyamula mungu. Tonse pamodzi timasamba tisanu. Umu ndi mmene maluwa ambiri a m'chigawo cha Faboideae alili, ngakhalenso a indigo weniweni. Koma duwa la Amorpha lili ndi kasamba kamodzi kokha, kakumbuyo kaja, kamene kamadzipinda kukulunga tinthambo khumi. Mapiko palibe, kabwato palibe. Linnaeus ataona zimenezi anatenga mawu a Chigiriki akuti amorphos, otanthauza chinthu chopanda maonekedwe ake oyenera, n'kuchitcha Amorpha. Choncho dzinalo likunena za duwa lopereweralo.

Muuzeni mwanayo akajambulenso pafupi nthawi ya maluwa. Aona timaluwa tambirimbiri tothinana pa ngala yoima chilili, ta mtundu wa pakati pa buluu ndi pepo, tinthambo titatulukira kunja ndi timitu tachikasu. Masamba ake ndi a timasamba ting'onoting'ono toyang'anizana mbali ziwiri, kamodzi kali kunsonga, ndipo akatembenuza tsamba aona timadontho kunsi kwake. Zitheba zake ndi zazifupi kwambiri, za njere imodzi kapena ziwiri, osati zazitali ngati za khobwe.

Nanga mawu oti false, kutanthauza kuti wabodza, anachokera kuti? Masamba a Amorpha amafanana ndi a indigo, ndipo azungu amene anasamukira ku America ankayesa kufinya utoto kuchokera ku zomera zofanana ndi indigo zimene anazipeza kumeneko. Utoto wake unali wofooka, sunkafika pa wa Indigofera. Dzina lomweli linamatiriranso ku chomera china, Baptisia, chimene sichili m'chiwongo cha Amorpha n'komwe. N'chifukwa chake ine sindikhulupirira dzina la Chingerezi lokha. Ngakhale mawu oti chosalala amasokoneza, chifukwa kumapiri a Appalachian, ku America komweko, kuli Amorpha glabra, ndipo glabra nayenso amatanthauza chopanda cheya. Mitundu ya Amorpha ilipo pafupifupi 15, yonse ya ku North America, kuyambira kumwera kwa Canada mpaka kumpoto kwa Mexico. Koma laevigata kwawo ndi kochepa: Oklahoma, Texas ndi Louisiana, ndipo ngakhale kumeneko sapezeka wamba.

Pa nkhani yobweretsa mbewu, ine ndikuti musatero, ndipo ndikunena mochokera pansi pa mtima. N'zoona kuti, monga abale ake a m'banja la nyemba, chimakhala ndi timibulu kumizu mmene tizilombo tosaoneka ndi maso timakoka nayitrojeni mumpweya n'kumusiya m'nthaka. Koma mbewu za Amorpha zimene zimagulitsidwa kwambiri ndi dzina la false indigo ndi za Amorpha fruticosa, m'bale wake wamkulu msinkhu. Ameneyu anamutengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1700 ngati chokongoletsa pakhomo, kenako ankamudzala kuti agwire nthaka. Lero wadzaza m'mphepete mwa mitsinje ya Danube ndi Tisza, ku Hungary, Romania ndi Serbia, mpaka kupha zomera za kumeneko. Ukamudula amaphukiranso pachitsa, ndipo njere zake zimayenda ndi madzi osefukira. Ife amene taona zimene namasupuni wachita mu Shire sitifunika kuuzidwa kawiri. Komanso mbewu siilowa m'dziko popanda chilolezo cha ku unduna wa zaulimi, mungangomuika mwanayo m'mavuto pabwalo la ndege.

Ngati chimene mukufuna ndi chonde, nandolo ndi ombwe zikugwirirani ntchito yomweyo, ndipo nandoloyo mudyanso ndiwo. Ngati mtima uli pa utoto, funani Indigofera. Mitundu yake ndi yoposa 700, yambiri ili mu Africa muno, ndipo ina imamera yokha m'tchire mwathu, ngakhale si yonse yotulutsa buluu wabwino. Mukadzapita ku Zomba mudzalowe ku National Herbarium and Botanic Gardens, kumene amasunga zomera zouma za m'dziko muno ndi maina ake, mudzatenge nthambi yokhala ndi maluwa ndi zitheba ya chitsamba chimene mukuchiganizira, kuti akakuthandizeni kuchizindikira.