Ulendo woyamba wa ku Dar: yankho kwa achemwali ofuna kuyamba geni

Achemwali, mwandifunsa kuti geni ya ku Dar es Salaam imayenda bwanji, pamafunika mpamba wochuluka bwanji, ndiponso ngati munthu amene sanatulukepo m'Malawi angapite yekha osasochera. Za mpamba sinditchula nambala, chifukwa kwacha yathu siigona malo amodzi. Mu Novembala 2023 inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo enafe tinali titangogulitsa katundu pa mtengo wakale. Pobwerera kukaoda, ndalama yomweyo inangokwana katoni ziwiri m'malo mwa zitatu kapena zinayi. Koma njira ndi mzindawo ndikufotokozerani, kuyambira mmene ndinazionera ine pa ulendo wanga woyamba mu 2017.

Kuchoka ku Lilongwe mumadzera ku Mzuzu, kutsetsereka pa Chiweta, Karonga, mpaka pa chipata cha Songwe. Alipo mabasi opita mpaka ku Dar, koma ambiri timaudula ulendowo: timatsika pa Songwe, kudinditsa pasipoti, kuwoloka mlatho wapansi, kudinditsanso tsidya linalo ku Kasumulu, kenako kukwera ya ku Mbeya kapena ya ku Dar yochokera ku Kyela. Mmalawi safunika viza polowa ku Tanzania, koma kakhadi kachikasu ka katemera kakhale m'chikwama. Mukangowoloka, wotchi yanu isunthireni kutsogolo ndi ola limodzi.

Anyamata osintha ndalama adzakuunjiranani ngati ntchentche pa usipa. Pepala lalikulu la kumeneko ndi la mashilingi 10,000, ndiye mpamba wanu udzasanduka mtolo. Werengani nokha, osapupuluma, ndipo mukamaliza musabwezerenso m'manja mwake ngakhale anene kuti "ndionenso, mwina ndapyoletsa". Mapepala apakati amasowera pomwepo.

Kuchokera ku Mbeya kukafika ku Dar ndi makilomita oposa 800. Musanafike ku Mbeya muona nthochi ndi tiyi ku Tukuyu, kenako mumva chisanu ku Makambako ndi Mafinga, mupemphera potsika phiri la Kitonga, ndipo mukadutsa ku Mikumi kukuwala muona mbidzi ndi akadyamsonga m'mbali mwa msewu osalipira kanthu. Masiku amenewo tinkatsikira ku Ubungo. Kuyambira 2021 mabasi amathera ku depoti ya Magufuli ku Mbezi, kunja kwa mzinda.

Chimene chinandilandira ine si nyumba zosanjikizana ayi, ndi kutentha. Ndinatsika basi cha m'ma 10 koloko usiku, koma mpweya unali ngati wa m'bafa munthu akangotha kusamba madzi otentha. Kwathu ndi ku Nkhotakota, Okutobala wa kunyanja ndimamudziwa, koma uku thukuta siliuma. Umasamba, n'kupukuta thupi, pofika pomanga chitenje wanyowanso. Ndinagona m'kachipinda ka alendo ku Kariakoo, dera la malonda kumene timaoda katundu, fani ikungotembenuza mpweya womwewo, ndipo mbandakucha anandidzutsa ndi mawu oitanira mapemphero ochokera m'mizikiti ingapo nthawi imodzi. Nditasuzumira pazenera, mumsewu munali mutadzaza kale ngolo zokankha, mabajaji, njinga zamoto, anyamata atasenza mabelo aakulu kuposa iwo eni.

Tsiku loyambalo sindinagule kanthu. Mayi amene ndinapita nawo, amene anayamba geniyi ine ndili ku pulaimale, anandiletsa kutulutsa ngakhale shilingi imodzi. Anati maso a mlendo amagula zimene thumba silinavomere. Madzulo ananditengera ku Kivukoni pa basi zabuluu zija amati mwendokasi, zoyenda mu msewu wakewake pakati, ena onse atapanikizana m'mbali. Kumeneko ndi kumene ndinaona nyanja yamchere koyamba. Ndinkadziyesa mwana wa kunyanja, koma ndinadabwa ngati wa kumapiri. Madzi anali atathawa kutali, mabwato atagona cham'mbali pamchenga. Ndinafunsa ngati kuli chilala, ndipo mnyamata wogulitsa madafu, kokonati wamuwisi womwera pomwepo, anaseka mpaka kugwira bondo. Madziwo amachoka n'kubwerera kawiri pa tsiku, nyanja yathu sichita zimenezo. Ndinaviika chala n'kulawa, ndinalavula. Pamsika wa nsomba pafupi pomwepo panali pweza, chinyama cha miyendo 8 choterera, anthu akuchidya ndi tsabola mosangalala; ine kwa masiku atatu ndinakakamira chipsi mayai, tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira. Kenako inadutsa sitima yonyamula makontena, pafupi kwambiri moti Ilala yathu ikanaoneka ngati kabwato. Mayi aja anangoti: "Nsapato zako za mawa zabwera mmenemo."

Mawu amenewo ndiwo geni yonse. Katundu wambiri wa ku Kariakoo sapangidwa ku Tanzania, amatsika pa doko kuchokera ku China, Turkey, India ndi Dubai. Ife a dziko lopanda doko timalipira mtunda umene uli pakati pa sitimayo ndi benchi lathu, ndipo phindu lathu lili mu mtunda womwewo. Dzina loti Kariakoo linachokera ku Carrier Corps, gulu la amtengatenga a Angerezi pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndimaseka ndikaganiza kuti mpaka lero tonse pamenepo ndife amtengatenga.

Musaganize kuti Kariakoo ndi chinyumba chimodzi cha msika. Chinyumbacho chilipo, chinapsa mu 2021, koma malonda athu ali m'misewu yozungulira. Zovala zambiri zili mu msewu wa Congo, mafoni ndi zamagetsi cha ku msewu wa Aggrey, ndipo Msimbazi ndi Uhuru ndiyo misewu ikuluikulu imene muzidziwira kumene muli. Mashopu ena ali pansi pa nthaka, ena m'tinjira topapatiza mkati mwa nyumba, pomwe katundu weniweni amasungidwa m'zipinda zam'mwamba. Mawu awiri muwasunge: jumla ndi mtengo wooda, rejareja ndi wogula chimodzichimodzi. Mukalowa mwakachetechete n'kuloza nsapato imodzi, akuuzani wa rejareja. Perekani moni kaye, kwa wamkulu muti shikamoo, kenako funsani mtengo wa dazeni kapena wa katoni. Chiswahili sichivuta kwa ife, mawu ngati nyumba, nyama, mvua ndi moto mudzawamva ngati a kwanu.

Ndiye pali mawinga, kwathu tingati madobadoba. Mnyamata waukhondo amakulandirani ngati mwini shopu, mukatchula chimene mukufuna amati dikirani, amathamangira kwa mwini weniweni, n'kubwera ataikapo yake pamwamba. Si onse akuba, ena amakupulumutsani maola ambiri oyenda padzuwa. Koma ngati mukufuna kukhalitsa pa geniyi, cholinga chanu chikhale kudziwa mashopu atatu kapena anayi a eni ake, kutenga nambala zawo, kuti mtsogolo azikutumizirani zithunzi pa WhatsApp musananyamuke.

Zolakwa zanga ziwiri ndikuuzani, mwina inu zingakupiteni. Choyamba, wa shopu ina anandiuza kuti ndibwere saa nne kudzatenga zitenje zimene ndinasankha. Ine, podziwa kuti nne ndi 4, ndinafika 4 koloko madzulo nditasamba bwino. Kumeneko tsiku amaliwerenga kuyambira m'mawa: 7 koloko ndi saa moja, ndiye saa nne ndi 10 koloko. Zitenjezo anali atagulitsa kwa mayi wa ku Congo. Chachiwiri chinandiliza. Ndinaoda katoni ya nsapato za amayi, anandionetsa peya imodzi ya saizi 40, yokongola, ine n'kulipira osatsekula katoniyo. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti zambiri ndi 36 ndi 37. Makasitomala anga ndi amayi a mapazi oyenda, amafuna 39 mpaka 41. Nsapato zimenezo zinakhala pa benchi chaka chathunthu, zina ndinapatsa ana a achimwene. Chichokereni tsiku limenelo katoni iliyonse amaitsekula ndikuona, ndimawerenga peya iliyonse, amamata tepi ndikuona, ndipo lisiti la makina ndimalitenga.

Katundu wochepa mumakwera naye basi. Akachuluka, ku Kariakoo komweko kuli maofesi a otumiza katundu ku Malawi pa malole. Mumalemba dzina ndi nambala yanu pa thumba ndi inki yosafufutika, mumajambula chithunzi, iwo n'kukakupatsirani ku Mzuzu, Lilongwe kapena Blantyre. Funsani momveka ngati mtengo wawo ukuphatikizapo msonkho, komanso ngati adzakupatsani mapepala ake. Ofesi yoti muigwiritse ntchito muimve kwa anzanu amene alandirapo katundu kangapo, osati kwa mnyamata amene wakupezani mumsewu.

Pa Songwe pobwerera ndi pamene pamadziwika ngati mwapindula. A MRA amawerengera msonkho wolowetsera katundu ndi VAT potengera mtengo wa katunduyo, n'chifukwa chake malisiti ndi ofunika. Zimene mumamva kwa anzathu a ku Mchinji za kuchotseredwa msonkho mu bungwe la zamalonda la COMESA musazitengere kuno osafunsa, Tanzania inatulukamo mu 2000. Tonse tili mu SADC, inde, koma kuchotseredwa msonkho kumeneko ndi kwa katundu wopangidwa m'maiko a SADC wokhala ndi chikalata chake, osati nsapato za ku China. Padzapezeka okunong'onezani za njira yachidule yowolotsa mtsinje usiku. Ndikudziwa amayi amene anataya mpamba wonse mwanjira imeneyo, ena kulandidwa, ena kuthawitsidwa ndi owolotsa omwewo, ndipo wozembetsa alibe kokadandaula. Komanso malamulo amasintha: mu 2025 Malawi inaletsa katundu wina kulowa, Tanzania nayo n'kutseka zokolola zathu kwa masiku angapo mu Epulo, zinthu n'kuwolera pa chipata. Musanaode chinthu, yambani mwafunsa ngati chikuloledwa.

Masamu ake ndi awa. Tengani kope, lembani basi yopita ndi yobwera, malo ogona, chakudya, onyamula, zotayika posintha ndalama kawiri, lole, msonkho, n'kugawa zonsezo pa peya iliyonse kapena chitenje chilichonse. Kenako pitani mu msika wa Lilongwe kapena wa Taifa ku Mzuzu mukaone mtengo umene anzanu akugulitsira chinthu chomwecho. Mpamba ukakhala wochepa, ulendo wokha umadya phindu lonse, ndiye poyamba ndi bwino kusonkherana anthu atatu, mmodzi n'kupita.

Zopita nokha ulendo woyamba, ayi achemwali. Ine ndinyamukanso mwezi wamawa ukangoyamba. Ngati pasipoti yatuluka, tiyeni limodzi. Valani nsapato zofewa, ndalama musoke m'kathumba kam'kati, theka la mpamba musiye kunyumba, ndipo mubwere ndi mndandanda wa masaizi a makasitomala anu. Tikamaliza kumanga katundu ndidzakupititsani ku Kivukoni madzulo, mukalawe nokha madziwo.