Za "goods and chattels" ndi Chingelezi cha m'makhothi

Mayi wina wanditumizira imelo, akuti papepala la ngongole lomwe akufuna asaine pali mawu oti "goods and chattels", ndiye akufunsa tanthauzo lake komanso komwe anachokera.

Mayi, mwandikhudza pachilonda. Bambo anga atamwalira ndinaperekeza amayi ku ofesi ina kukalongosola za chuma cha masiye, mkulu wa pamenepo anawerenga chipepala chonse mothamanga ngati akuthawa mvula, kenako nkungowaloza ndi bolopeni kuti dindani apa, iwo chala chili bii ndi inki akundiyang'ana ine woti ndinapita kusukulu, chonsecho inenso sindinatolepo kanthu. Tili mu minibasi anandifunsa kuti kodi ng'ombe zija zalembedwamo? Ndinangoti kukamwa yasa.

Koma zinalimo ndithu, m'mawu omwewa oti chattels. Chattel ndi katundu wonyamulika, osati malo kapena nyumba, ndipo mawuwa ndi pachibale ndi cattle komanso capital, onse anachokera ku liwu la Chilatini lakuti caput, kutanthauza mutu. Goods ndi Chingelezi chenicheni pomwe chattels analowa kudzera mu Chifalansa, ndiye ma loya akale anangowamata pamodzi. Nkhani yake inayamba mu 1066 pomwe William wa ku Normandy, dera la ku France, analanda England, patapita nthawi makhothi nkuyamba kuyendera Chifalansa ndi Chilatini. Mu 1362 anakhazikitsa lamulo loti milandu izikambidwa mu Chingelezi koma zolemba zinapitirirabe mu Chilatini mpaka cha m'ma 1730. Ife malamulowa tinangowalandira kwa atsamunda ndi zinyalala zake zomwe.

Olo mortgage amene, ngongole yoikira chikole malo kapena nyumba, ndi Chifalansa chakale, mort ndi chakufa, gage ndi chikole. Chikole chakufa! Ukabweza ngongole pangano lafa, ukalephera malo ako akufera. Affidavit, chikalata cha umboni chochita kulumbirira, ndi Chilatini, "walumbira", basi, liwu lonse loopsali.

Ena amati mawu akalewa amathandiza chifukwa makhothi anawamasulira kalekale ndiye sasokoneza. Poyamba ndinkavomereza pang'ono koma ayi, ndakana. Ku England komweko mu 1999 anasiya kutchula wodandaula pa mlandu kuti plaintiff nkuyamba kunena claimant kuti anthu wamba azimva, eni ake chiyankhulo! Nanga ife tikukakamira chani, agogo akumudzi azidinda zinthu zoti ngakhale wa digiri akukanda nazo mutu?

Ndiye mutani?

Musasaine musanafunse kuti katundu amene akutchedwa chattels ndi uti, akulembereni mmodzimmodzi, kaya ndi firiji, njinga kapena mbuzi, chifukwa ndi zimene adzanyamule mukalephera kubweza. Ngati mulibe ndalama ya loya kafunseni ku Legal Aid Bureau. Za magwero a mawu, tsamba la Etymonline ndi laulere.