Mafunso Anu: Bwanji sitima za katundu sizithamanga ngati ICE pomwe njanji ndi imodzi?

FUNSO: Akonzi, ine kwathu ndi ku Balaka koma pano ndili pasukulu ku Göttingen, ku Germany. Komwe ndikukhala ndi pafupi ndi njanji, ndiye masana ndimaona sitima zoyera zija za ICE, zothamanga zonyamula anthu, zikudutsa ngati mphepo, koma kukangoda zimayamba kubwera za katundu, zazitalizitali, phokoso lake mpaka mawindo kunjenjemera, chonsecho zikungoyenda pang'onopang'ono. Njanji ndi yomweyo, magetsi ndi omwewo, nanga bwanji osangoziika injini yamphamvu kuti nazonso zizithamanga katundu azifika msanga?

YANKHO: Zikomo achemwali, funso ili ndalikonda chifukwa mukukhala pafupi ndi njanji yomwe nkhani imeneyi anayiyesa zenizeni. Imeneyo ndi njanji ya Hannover mpaka Würzburg, makilomita 327, inatsegulidwa yonse mu 1991, ndipo anayimanga dala kuti ikhale ya onse awiri, anthu ndi katundu.

Injini si vuto ayi. Vuto ndi kusiyana kwa liwiro. Tiyeni tiwerengere limodzi: mtunda wa makilomita 100, sitima yothamanga 250 pa ola imamaliza m'mphindi 24, ya katundu yoyenda 100 pa ola imafuna ola lathunthu. Ndiye mukatulutsa ya katundu patsogolo mukuyenera kusiya mpata wa mphindi zoposa 36 ICE isananyamuke, apo bii ikaipeza panjira n'kumaikwawira pambuyo, ndipo mumpata womwewo mukanadutsitsa ma ICE angapo odzaza anthu olipira matikiti. Njanji si msewu woti ungokhotetsa chiwongolero n'kupitirira mnzako. Ya katunduyo imapatutsidwa pakanjanji kam'mbali, kuima, kudikira, kenako kuyambanso kukoka matani ake onse aja kuchokera pa ziro, ndipo apa ndi pomwe nthawi yambiri ya katundu imathera, kuimaima kumeneku. N'chifukwa chake anangogawana nthawi, masana anthu usiku katundu, zomwe zikukusowetsani tulozo.

Palinso za kamangidwe. Pamakona njanji yakunja amaikweza pang'ono kuti sitima yothamanga izipendekera mkati ngati wa kabaza akamakhota, koma kupendekera komwe kukuyenerana ndi liwiro la 250 kumachulukitsa kwa sitima yolemera yoyenda 100, kulemera konse kumatsamira njanji yamkati n'kumaidya. Kulemerakonso n'kosiyana, TGV, sitima yothamanga ya ku France, imalemera matani 17 pa ekiselo imodzi (chitsulo cholumikiza mawilo awiri) pomwe mabogi a katundu ku Europe amafika 22.5, ndipo njanji yothamangirapo imafuna kukhala yosalala kwambiri, ikangopindika pang'ono liwiro amalitsitsa. Kukonza kwake kumachitikanso usiku womwewo, ndiye amisiri ndi katundu amalimbirana maola amodzimodzi. Zitunda nazo: njanji yanuyo anaonetsetsa kuti isakwere kuposa mamita 12.5 pa kilomita kuti za katundu zizitha kukoka, zomwe zinachititsa kuti aboole mapiri ambiri ndi kumanga milatho yambirimbiri, ndalama zosaneneka. Atafika pomanga ya Köln mpaka Frankfurt yomwe inatsegulidwa mu 2002 anati katundu ayi, n'kuilola kukwera mpaka mamita 40 pa kilomita, ICE yokha basi.

Za m'mapanga obooledwa aja ndi zoopsa ndithu. Sitima ikalowa m'phanga pa liwiro lalikulu imakankha mpweya mwamphamvu moti ikakumana ndi ya katundu itha kung'amba malona kapena kusuntha katundu yemwe sanamangidwe bwino, ndiye panjanji imeneyo pali lamulo loti ICE yothamanga isamakumane ndi ya katundu mkati mwa phanga.

Koma musaganize kuti anthu sanayese zomwe mukunenazo, anayesa. Chaka chomwecho cha 1991 a ku Germany anayambitsa InterCargoExpress, sitima za makontena zoyenda 160 pa ola usiku, koma pofika 1995 anazisiya chifukwa ndalama sizimabwera. Ku France kunali TGV La Poste yachikasu, yonyamula makalata pa 270 pa ola kuyambira 1984, poyamba pakati pa Paris, Mâcon ndi Lyon, kenako mpaka Cavaillon, ndipo inaima mu 2015 makalata atachepa, anthu tonse tinathawira pa intaneti ndi mafoni. Ku Italy mu 2018 anatenga sitima ya anthu ya mtundu wa ETR 500 n'kuchotsa mipando, anaitcha Mercitalia Fast, imanyamula maphukusi kuchokera kufupi ndi Caserta mpaka Bologna maola atatu ndi theka, nayonso inatha mu 2022. Mukaziona zonsezi, zomwe zinathamanga kwenikweni zimanyamula zopepuka, makalata ndi maphukusi, osati simenti, zitsulo kapena malasha. Mwini simenti safuna kulipira liwiro, iye akufuna mtengo wotsika komanso kuti katundu afike tsiku lomwe anamuuza.

Ine maganizo anga, omwe aigwira bwino nkhaniyi ndi a ku Switzerland. Phanga lawo la Gotthard, makilomita 57 pansi pa mapiri a Alps, linatsegulidwa mu 2016, ndipo m'malo mokakamiza katundu kuti athamange anachepetsa kusiyana kuja, za anthu zimayenda cha m'ma 200, za katundu 100, n'kumazitulutsa m'magulu, za katundu zingapo motsatizana kenako ya anthu. Njirayo ndi yosakwera, ndiye sitima yolemera yomwe kale imafuna injini zowonjezera kuti ikwere phiri pano imangodutsa osaima. Komabe nakonso kugawana njanji kunaonetsa mtengo wake pa 10 August 2023, wilo limodzi la bogi ya katundu linasweka mkati mwa phangamo, mabogi anachoka panjanji, ndipo kuti zonse zibwerere mwakale zinatenga mpaka September 2024, chaka chonse anthu ambiri akuzungulira njira yakale ya pamwamba. Wilo limodzi lokha. Ichi ndi chomwe ine chimandidetsa nkhawa, mabogi a katundu amachokera m'maiko osiyanasiyana ndi eni ake osiyanasiyana, ena ndi akalekale, ndiye musanakambe zothamangitsa muyambe mwakamba za mawilo ndi mabuleki ake.

Ndiye achemwali, chomwe chingafulumizitse katundu kumeneko ndi tinjanji tam'mbali tokwanira sitima ya mamita 740 yomwe ndi muyezo womwe Europe ikufuna, masiginolo amakono a ETCS, ofanana m'maiko a ku Europe, kuti sitima isamaime pamalire kusintha injini, ndi ndandanda yoipatsa ya katundu njira yake yoyenda osapatutsidwa.

FUNSO: Bambo mkonzi, ine ndimakhala ku Liwonde ndipo sitima za malasha ndimaziona zikuwoloka Shire. Kodi kuno kwathu sitima yothamanga ngati za kunjazo ingayende panjanji imeneyi?

YANKHO: Achimwene, panjanji imeneyi ayi. Njanji yathu ndi yopapatiza, mamilimita 1,067, pomwe sitima zothamangazo zimayenda pa 1,435, ndiponso yathu ilibe mawaya a magetsi, timakoka ndi dizilo. Njira imeneyo ya Moatize mpaka Nacala, makilomita 912 kudutsa pa Nkaya ndi Nayuchi, anaimanga ndi kuikonza poganizira malasha, ndiye kuno nkhani ndi yotembenuka, katundu ndi amene ali mwini njanji ndipo sitima ya anthu ndi yomwe imapemphako mpata. Poti njanjiyo ndi imodzi yopita ndi kubwerera, sitima ziwiri zimadutsana pokhapokha pomwe pali kanjanji kam'mbali, ina n'kuima kudikira inzake. Mukafuna kuti ulendo wa Limbe, Balaka mpaka Nayuchi ufupike, zoti muzifunsa akuluakulu ndi malo odutsanirana ochuluka komanso nthawi yokhazikika ya sitima ya anthu, kuti mayi wonyamula tomato wake azidziwa ola lomwe afike kumsika.