Yankho kwa amene mwafunsa za basi ya Scania yolembedwa Marcopolo

Achimwene, mwati basi imene mwaiona ku Joni yalembedwa Marcopolo pamphumi koma pachiwongolero pali chizindikiro cha Scania, ndiye mukufunsa kuti anaipanga ndani, komanso ngati mugule ya K kapena ya F. Palibe amene akukupusitsani, onse awiriwo anaikapo dzanja. Scania, kampani ya ku Södertälje m'dziko la Sweden, imapanga chasisi: injini, giyabokosi, mabuleki, chiwongolero ndi zonse zapansi. Mokhala anthumo, mmene amakaniko amangoti bodi, nthawi zambiri mumamangidwa ndi ena. Marcopolo kwawo ndi ku Caxias do Sul ku Brazil, ndipo maina ngati Paradiso, Viaggio ndi Andare ndi awo. Irizar, kampani inanso yomanga bodi, ndi ya ku Spain. Choncho galasi lakutsogolo likasweka kapena chitseko cha katundu chikakana kutsekeka, kofunsa ndi kwa omanga bodi, osati kwa a injini.

Chilembo cha K kapena F chija chimanena pamene pakhala injini. Ya K ili kumbuyo, ya F ili kutsogolo pambali pa dalaivala. Iliponso ya N, injini yake yopingasa kumbuyo, koma imeneyo ndi yozungulira m'tauni, musataye nayo nthawi. Manambala ndi amene amasokoneza ambiri. Pa zakale monga K94, K114 ndi K124, manambala oyambawo ndi kukula kwa injini, malita 9, 11 kapena 12, ndipo 4 wakumapetoyo ndi m'badwo wake. Cha m'ma 2006 anasintha kalembedwe: K360 kapena K410 akunena mphamvu ya injini, ma horsepower. Mukaona 4x2 ndi ya ma ekiselo awiri, 6x2 ndi ya atatu, imene imanyamula katundu wolemera.

Tsono mugule iti? Musafunse maso, funsani msewu umene basiyo izidzayenda. Ngati ndi wa Joni, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, tengani K ndipo ngati thumba likulola, ya 6x2, poti mukudziwa mmene abale athu amalongedzera pobwera kumudzi. Phokoso limatsalira kumbuyo, anthu amagona bwino, pansi pamakhala malo ambiri a zikwama. Koma K yomweyo mukailowetsa m'msewu wafumbi muilirira. Injini yakumbuyo imapuma fumbi lomwe matayala akuutsa, radiator imatsekeka, ndipo mchira wake wautaliwo umakhula pansi pa kamlatho kalikonse kotsika. Kumeneko mfumu ndi F. Ndi yokwera, zambiri zimakhala pa masipuling'i achitsulo amene makaniko wa pa boma amawadziwa, ndipo mphepo imaiomba injini kumaso. Choipa chake dalaivala ndiye amachidziwa: kutentha ndi kulira kwa injini tsiku lonse. Okwera mipando yakutsogolo nawonso samva foni.

Chimene ine ndimaikondera Scania n'chakuti zipangizo zambiri za injini ya basi zimafanana ndi za mathiraki awo, ndiye sipeya savuta kwambiri kupeza. Komabe musakopeke ndi penti yonyezimira. Bodi ikhoza kukonzedwa n'kuoneka yatsopano pomwe pansi patha kale. Pitani ndi makaniko wanu alowe kunsi, aone dzimbiri ndi malo owotcherera, ayese retarder (buleki yothandizira ija) pamtsetse, ndipo nambala ya chasisi ifanane ndi ya m'mapepala. Ikayamba ndi 9BS, dziwani kuti inatuluka ku fakitale ya Scania ya ku São Bernardo do Campo ku Brazil, ndipo limenelo si vuto.

Wina akakutsatsani ya ku Ulaya yotchipa, funsani kaye ngati ili ya Euro 6, muyezo wa ku Ulaya wochepetsa utsi woipa. Zimenezo zimamwa AdBlue, madzi apadera oyeretsa utsi, ndipo zimafuna dizilo woyera bwino, apo ayi kompyuta yake imachepetsa mphamvu muli pakati pa ulendo. Muonenso mbali imene kuli chitseko. Ife timayenda kumanzere ngati a ku South Africa, ndiye ya chitseko chakumanja izidzatsitsira anthu anu pakati pa msewu.