Geji Yanga Ikuwonjezera Mafuta Ndikaliza Injini

FUNSO: Zikomo bambo. Geji ya mafuta ya galimoto langa lakale inafa, ndiye ndinapanga yanga ndi kachipu ka LM3914 (koyatsa timagetsi molingana ndi mphamvu imene kalandira) ndi timagetsi ta LED 10. Patebulo imagwira bwinobwino. Koma m'galimoto, thanki ikakhala pakati timayaka 5, ndikangoliza injini timayaka 6. Ndikayatsa nyali zakutsogolo imasinthanso, ndipo pokhota timagetsi timangophethira. Mphamvu ndinatenga ku batire kudzera pa resistor ya ma ohm 820. Kodi kachipuka n'kakufa? Ine wanu wowerenga.

YANKHO: Achimwene, kachipuko kasiyeni, kalibe mlandu. Vuto n'lakuti mwakauza kuti kakhulupirire batire, pomwe batire ya galimoto siikhazikika. Injini ikazima imakhala pa mavoti (volts) 12.6, koma alternator ikayamba kutchaja imakwera mpaka 14 ndi kupitirira pang'ono. Mphamvu yofika pa pini 5, kamwendo kamene kachipu kamalandirira mphamvu yoti kayeze, imakweranso nayo, ndiye kachipu kamangoona ngati mwathira mafuta ena.

Musanagwire china chilichonse, yezani sender ya m'thanki, kachida koyeza kuchuluka kwa mafuta, ndi multimeter. M'kati mwake muli kanthu koyandama kokhala ndi mkono umene umasintha ma ohm mafuta akamatsika. Simunanene mtundu wa galimoto, koma pa 820 mwasankhayo ndikuganiza kuti sender yanu ndi ija ya ma ohm 0 thanki ikauma ndi 90 ikadzaza, monga magalimoto ambiri akale a kampani ya General Motors (GM). Zina zimayenda chobwerera, 240 pouma ndi 33 podzaza, ndipo zotero geji yanu ikanaonetsa zosemphana.

Ngati ndi ya 90, ikani regulator ya 7805 kuti mukhale ndi mavoti 5 osagwedezeka, ndipo 820 ija isinthidwe ndi 270. Apa masamu amakoma: 5 kuchulukitsa ndi 90, kugawa ndi 360 (270 kuphatikiza 90), yankho n'kukhala 1.25, ndendende mphamvu imene LM3914 imadzipangira yokha poyezera. Thanki ikadzaza, kachikhumi kayaka.

Za nyalizo ndikukayikira ethi, njira imene magetsi amabwererera ku negativi ya batire. Ine inandidyerapo Loweruka lathunthu, ndikusintha zida zabwinobwino, kenako n'kupeza kuti ndi kabawuti kamodzi kadzimbiri pamwamba pa thanki, kofiira ngati dothi. Nditakapala ndi sandipepa zonse zinatheka. Kokani waya wa ethi wakewake kuchokera pa sender mpaka pa geji yanu, musadalire chitsulo cha galimoto chimene nyali zikudutsiramonso.

Kuphethirako ndi mafuta akukhavukira uku ndi uku. Ikani resistor ya 10k (ma ohm 10,000) musanafike pa pini 5, ndi capacitor ya 470 µF kuchoka pamenepo kupita ku ethi. Geji idzayamba kuchedwa masekondi pafupifupi 5 isanasinthe maganizo.

Pogwira pa thankipo chotsani kaye waya wa negativi pa batire, ndipo chowotcherera mawaya chisayandikire nthunzi ya petulo.