Mawu a 249 g omwewo ndi amene anandidyera drone ku Morocco

Mphwanga, nditangowerenga zimene walemba m'gulu muno zofuna kupita ndi drone yako ku UK poti "ili pansi pa 250 g ndiye sifuna mapepala" mtima wanga wachita kudumpha, tiyi ndamusiya pa tebulo. Mawu amenewo ndi omwe anandiuza mnyamata wa pa shopu ina ku Kamwala, mu Lusaka, mu 2022, ndendende, ngati munaphunzira kalasi imodzi. Mini yakoyo isiye kunyumba, upite ku Manchester kwa alongo akowo ndi foni basi. Imva zanga.

Ine ndinagula Mini 2, ka drone ka kampani ya DJI, ndi ndalama za chilimba, ndalama zimene amayi akunyumba ankadziwa kuti ndi za malata a kanyumba kathu ka ku Chongwe. Ndinamufunsa mnyamatayo kawiri konse, ndili ndi mboni, kuti ndikupita ku Morocco kukaonerera ma Copper Queens, timu ya mpira ya atsikana athu a Zambia, pa mpikisano wa mayiko a mu Africa, kodi aka kakalowa? Iye akuseka, "Bosi, aka ni ka toy chabe, onani apa palembedwa 249 g, dziko iliyonse mungambululutse." Mpaka anakaika pa sikelo kuti ndione ndi maso anga. Ndinatuluka m'shopumo ndikuyenda ngati ndagula ndege yeniyeni.

Tinatsika usiku, anthu anayi, tonse titavala zobiriwira, tulo tili m'maso. Pasipoti adinda bwinobwino. Ndiye potuluka pali makina ena oonera m'zikwama, amene ine sindinkawayembekezera, ndimaganiza kuti zofufuzana zimathera pokwera. Chikwama changa chalowa, lamba waima. Chabwerera m'mbuyo, chalowanso. Bambo wa yunifolomu wandiloza ndi chala, liwu limodzi lokha: "Drone?" Ine ndi mano onse panja, ndikuvomera monyadira, mpaka ndikuwonjeza kuti 249 grams, ngati ndikutchula dzina la mfumu ya kwathu.

Ananditengera m'kachipinda ka pambali. Chikwama chonse anakhuthulira pa tebulo, ndipo mukundidziwa a m'gulu muno, sindiyenda opanda ufa. Paketi ya ufa wa nsima, kapenta wa ku Siavonga amene amayi anakulunga m'nyuzipepala, chikanda, makabudula amkati, zonse poyera, kachipinda konse kununkha kapenta. Wina watola ufa uja akuununkhiza, akundiyang'ana, akuununkhizanso. Apo ndiye thukuta linayamba kutsika m'msana, chifukwa ndinaona kuti nkhani ingathe kuchoka pa kandege n'kupita pena poipa kwambiri. Iwo akuyankhula Chiarabu ndi Chifalansa, ine Chingerezi changa cha ku Chizongwe chathawa, ndatsala ndi "please" ndi "football". Ndikuwaonetsa jezi, ndikuwaonetsa pa foni pamene alemba kulemera kwake, ndikuchita kujambula ndi manja kuti n'kakang'ono. Mmodzi amene ankadziwako Chingerezi anandiuza mofatsa kuti kuno kulemera sitiyang'ana, kaya n'kakang'ono ngati njiwa, popanda chilolezo sikalowa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti lamulo limenelo lilipo kuyambira 2015. Zaka 7 lilipo, ine osadziwa, wa ku Kamwala osadziwa kapena kudziwa koma kufuna ndalama yanga.

Maola awiri ndili mmenemo. Anzanga panja atopa, wa takisi amene tinapangana naye wapita. Pomaliza anandipatsa kapepala ka Chifalansa kokhala ndi chidindo, n'kunena kuti ukamatuluka m'dziko udzaonetse aka, udzatenga katundu wako. Ndinapumira m'mwamba. Ndinati basi, zithunzi zapita koma chuma chilipo.

Apa ndi pamene panalowa mfiti yachiwiri, mayi amene anatigulira matikiti kuno ku Lusaka. Pofuna kutchipitsa, anatigulira oti titsikire mzinda wina, pobwerera tikwerere ku Casablanca kumene kunali masewero athu omaliza. Sanalakwe kutchipitsa, koma ndinamuuza kuti ndanyamula drone, anangoti "mukatijambulireko". Ndiye kandege kali pa bwalo la ndege lina, ine ndikunyamukira pa lina, pakati pake maola atatu pa sitima.

Tsiku lokhalo limene ndikanatha kupita linali 22 July. Amene mumatsata mpira mwadziwa kale. Tsiku limene atsikana athu ankamenyana ndi Nigeria kulimbirana nambala 3. Tinali tidakali ndi bala la South Africa, penoti ija ya VAR ya kumapeto imene mpaka lero sindiivomereza, ndiye aliyense ankafuna kukhala m'bwalo tsiku limenelo. Ine ndinawerengera kuti ndikalawira m'mamawa ndibwerera nthawi ilipo. Ndakwera sitima, ndafika, ndayendayenda kufunsa ofesi, uyu akundilozera uko, uyo akundibweza kuno, wina ati dikira amene ali ndi makiyi wapita kukadya. Ndadikira. Wabwera, watenga kapepala, watsegula chitseko.

Mphwanga, ndinakaona. Ndi maso angawa. Mashelefu odzaza ma drone, ena aakulu ngati mbaula, lililonse ndi kapepala kolendewera, ndipo kanga kali pamzere wachiwiri m'kachikwama kake kotuwa, kachingwe kofiira kamene mwana wanga anamangirira pa zipi kakuoneka. Ndatambasula dzanja. Bamboyo akuti, boarding pass? Ndamuonetsa tikiti ya mawa lake ya ku Casablanca. Wapukusa mutu. Amapereka kwa munthu amene akukwera ndege pa bwalo lomwelo, nthawi yomweyo, kuti katuluke m'dziko, osati ukatenge n'kubwerera nako m'tauni. Ndinachonderera, ndinagwada ndi mtima wonse, ndinati ndiperekezeni ndi wapolisi mpaka ku sitima, ndinati tumizani ndilipira. Anangotseka chitseko mwaulemu, kiyi kuzungulira kawiri. Kunena zoona bamboyo sanandinyoze, ankagwira ntchito yake, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri chifukwa panalibe womukalipira.

Kusintha tikiti ndinafunsa, mtengo wake unkakwana kugula kandege kena. Sitima yobwerera ndinaiphonya, ndakwera yotsatira. Chigoli chathu ndinachimvera pa foni, ndili pakati pa anthu osawadziwa, anzanga akunditumizira mavidiyo akuvina m'bwalo, 1-0, Nigeria yagona, mendulo yoyamba ya atsikana athu pa mpikisano umenewu. Ndinawoloka Africa yense kudzaonera zimenezo, n'kuziphonya chifukwa chothamangira chidole chimene sindinachitengenso. Ndinalira, sindibisa.

Nditafika kunyumba amayi sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Nanga kandege kanu kaja katsalira kuonerera fainolo?" Mpaka lero mvula ikamadontha ku Chongwe amandiyang'ana osanena kanthu.

Ku Kamwala ndinapitako ndi kapepala kaja m'manja. Mukudziwa chimene ananena? "Ah bosi, sorry maningi, ise tigulisa chabe. Manje pali Mini 3, nizakuchoselaniko." Kundichotserako! Munthu wandinamiza maso ali gwa, sikelo m'manja, ndiye akufuna andigulitse kachiwiri. Anthu awa amaloweza chiganizo chimodzi pa YouTube n'kumachibwereza kwa aliyense wolowa pakhomo, sanatulukepo ngakhale pa boda ya Chirundu. Ndipo ndikuona ena mwayamba kale kumuyankha mphwanga wa ku Manchesteryu kuti "ingoika pansi pa zovala sazaona". Inu, makina aja saona zovala, amaona mabatire ndi timainjini tinayi. Mukufuna akagone m'chitolokosi kwa eni ake?

Nkhani ya 250 g ili ndi pake. Mayiko ngati America anaika malire pamenepo kuti zopepuka kuposa apo, ngati ukungoseweretsa, usalembetse, ndipo a DJI anapangira dala 249 kuti izembe mzerewo. Ndi nkhani ya kulembetsa, m'mayiko ena okha. Sikhudza zoti dziko likulola kuti kalowe, sikhudza malo oulutsira. Ku Egypt lamulo lawo la 2017 limafuna chilolezo cha unduna wa zachitetezo, ndipo chilango chake ndi ndende, osati kungolanda. Ku UAE mu January 2022, Abu Dhabi itaphulitsidwa ndi ma drone, anangodzuka n'kuletsa onse oulutsa mongosangalala, ndiye zimene munthu anaona chaka chatha usazitenge ngati za lero. Ku South Africa konkuno, m'mapaki a boma a SANParks monga Kruger saloleza. Ngakhale kwathu kuno a ZCAA, oyang'anira za ndege, ali ndi malamulo awo, kungoti timaulutsa pa ma kitchen party ngati kulibe boma, ndiye timazolowera moipa.

Tsono poti iwe ukupita ku UK, kumeneko sikovuta ngati kumene ndinapita ine. Kandege kokhala ndi kamera amafuna Operator ID, nambala ya mwini drone, ya ku CAA, bungwe lawo loyang'anira za ndege, ngakhale kali kopepuka, umalembetsa pa intaneti, umalipira chaka ndi chaka, nambalayo n'kuimata pa drone. Lemberatu ndi mayeso a Flyer ID, ya munthu woulutsa, ndi aulere, mafunso 40, ungathe kulemba uli pa Kabwata pomwepo. Usapitirire mamita 120 m'mwamba, kazikaona ndi maso nthawi zonse, ndipo pafupi ndi bwalo la ndege usayerekeze, malire ake amafika makilomita 5 kuchokera kumapeto kwa msewu wa ndege. Anthu aja anapsa mu December 2018 pa bwalo la ndege la Gatwick zitamveka kuti kwaoneka ma drone, maulendo a ndege pafupifupi 1,000 anasokonekera, anthu pafupifupi 140,000 anakhudzidwa, mpaka apolisi anagwira banja lina losalakwa n'kulitulutsa pambuyo pake. Ngati anagwira eni dziko osalakwa, iwe wa pasipoti yobiriwira ndi viza ya mlendo udzanena chiyani? Ndipo ndikukudziwa ndiwe wa Man U, maganizo okaulutsa pa Old Trafford achotse. Mu 2015 munthu wina analipitsidwa £1,800 chifukwa choulutsa pamwamba pa mabwalo a mpira. App ikakulola kunyamuka sindiye kuti lamulo lakulola.

Mabatire usaike m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege, akhale m'chikwama cha m'manja, pokhudzira magetsi umatepo tepi. A Mini ndi aang'ono, ali kutali ndi malire a 100 Wh a mabatire okwera nawo m'ndege, koma funsa kampani ya ndege yako za kandege kenikeniko, ena amafuna kakhale m'chikwama chachikulu. Batire lalikulu lija la Plus limakakweza kupitirira 250 g, dziwiratu. Chachikulu, yang'ana pamene ukusinthira ndege. Ngati ukungodutsa osatuluka pa bwalo ndi nkhani ina, koma ukati ndigoneko masiku awiri ndione tauni, walowa m'dziko lina ndi malamulo ake. Ndipo tikiti yako, potsikira ndi pokwerera pakhale pamodzi.

Osamvera za anthu a m'magulu ngati lino, werenga wekha pa tsamba la boma la dzikolo, usindikize, uyende nalo pepala. Akakufunsa pa kasitomu nena zoona, ngakhale ine zoona zomwezo ndi zimene zinandivula.

Kaya, mwina ingoitenga. Ine ndinagula ina chaka chatha, osati ku shopu ija, amayi amadziwa kuti ndi ya mnzanga wa kuntchito, ndiye amene mumawadziwa tsekani pakamwa. Kapepala ka Chifalansa kaja kadakali m'Baibulo, pa Maliro a Yeremiya. Ngati alipo m'gulu muno amene akupita ku Morocco posachedwa andipeze ku inbox, pali kachikwama kotuwa ka chingwe chofiira ndikufuna mukangofunsako ngati kadakalipo.