Ofesi ziwiri zogulitsa nyumba: mwana alowe iti?

Mayi ena a ku Chilomoni alemba kuti mwana wawo wamkazi wamaliza maphunziro a za malo ndi nyumba (Land Economy) ku MUBAS, ija tinkaitcha Poly, ndipo makampani awiri ogulitsa nyumba ndi kupezera anthu za lendi amuitana. Koyamba kulibe malipiro a pamwezi, koma komishoni yambiri imapita m'thumba mwa amene wagulitsa. Kwachiwiri kuli kamalipiro kochepa ndipo komishoni amagawana. Mtima wa mayiwo uli koyamba. Akuti, "Poti ndi wochangamuka, si apeza zambiri kumeneko?"

Mayi, za kuchangamuka kwa mwana sindikutsutsani. Chimene chikundipatsa maganizo ndi anthu amene akakhale nawo m'chipinda chimodzi kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, chifukwa m'ntchito imeneyi kagawidwe ka ndalama ndi kamene kamaumba khalidwe la ofesi.

Ndinakhalapo masiku angapo mu ofesi ina yotere kuno ku Blantyre, ndikuyendera wophunzira wanga. Foni ikalira, anthu atatu ankaidumphira. Nambala za malandilodi aliyense ankasunga m'foni yake, m'buku la ofesi munalibe kanthu. Tsiku lina makiyi a nyumba ya ku Namiwawa anasowa nthawi yomwe wophunzira wanga uja ankafuna kukaonetsa kasitomala. Anapezeka madzulo m'dirowa ya mnzake, kasitomala atapita kale. Palibe anadabwa. Abwana anangoseka, ati ndi mmene munthu amakhwimira.

Amene amaluza kwenikweni ndi abwana omwewo, kungoti sadziwa. Nyumba imodzi imatuluka pa Facebook ndi mitengo iwiri, onse oitsatsa ali a kampani imodzi. Wogula akaona zimenezo amati awa ndi madobadoba, n'kuthawa. Pothamangira kutseka malonda mnzako asanamve, ena amadumpha kukafufuza ku ofesi ya za malo ngati title deed, chikalata cha umwini wa malo, ilidi m'dzina la wogulitsayo, kapena ngati nyumbayo ili ndi ngongole ku banki kapena ya city rates ku khonsolo. Mapuloti ogulitsidwa kwa anthu awiri amene amathera kukhoti aja, ena amayamba chonchi. Ndipo ejenti akakwiya n'kuchoka, amapita ndi makasitomala onse m'thumba.

Kumene anthu amagwirizana, wina amabwera ndi wogula wofuna nyumba ya zipinda zitatu ku Area 47, mnzake n'kunena kuti ali nayo, malonda n'kutheka sabata yomweyo. Tiyerekeze kuti nyumbayo ndi ya K80 miliyoni ndipo komishoni yomwe agwirizana ndi 5 peresenti. Ndiye K4 miliyoni. Kugawana pawiri kumapweteka mtima, inde, koma akanabisirana, aliyense akanatsala ndi theka la malonda lomwe silidyedwa. Ku America anaiona nkhaniyi kalekale: maejenti a dera limodzi, ngakhale a makampani opikisana, amaika nyumba zawo m'kaundula mmodzi wotchedwa MLS kuti wina azitha kubweretsa wogula wa nyumba ya mnzake.

Kwa mwana wanu pali chinanso chachikulu. Digiri ya ku MUBAS, kapena ya Estate Management ya ku Mzuni, ndi chiyambi chabe. Kuti adzadziwe kuwerengera mtengo weniweni wa nyumba, kulemba mgwirizano wa lendi, ndiponso kuti adzalandiridwe ngati katswiri ku Surveyors Institute of Malawi, bungwe la akatswiri a za malo ndi nyumba, akufunika munthu wodziwa womuyenda naye. Kumalo kumene aliyense amaona mnzake ngati wodzamulanda nsima pakamwa, ndani angamuphunzitse? Akadzafuna kulowa ku makampani akuluakulu a za nyumba ngati Knight Frank, MPICO kapena ICON Properties, adzamufunsa zimene amadziwa kuchita ndi amene angamuchitire umboni.

Koma musathamangire kwachiwiri chifukwa choti ati "kuno timakhala ngati banja". Mawu amenewo ndawamva kumalo kumene mmodzi amapsa ndi dzuwa tsiku lonse kuonetsa nyumba, ena ali phee pa WhatsApp, pogawana onse n'kutambasula manja. Kumeneko ndi kudyerana masuku pamutu basi. Mpikisano pang'ono ndi wabwino, umadzutsa tulo. Choipa ndi pamene kupambana kwako kukudalira kugwa kwa mnzako.

Ndiye asanasaine, mwana akafunse yekha, inu musamupitire. Wopeza nyumba ndi wopeza wogula amagawana bwanji, ndipo zinalembedwa pati? Awiri akakanganirana kasitomala, amaweruza ndani? Ndalama ya minibasi ndi mayunitsi pokaonetsa nyumba imachokera kwa yani? Akafunsenso kuti amene wakhalitsa pa ofesipo wakhala zaka zingati. Ngati onse ndi a chaka chino, pali chimene chikuwathamangitsa.

Ine ndikanakhala iye, zaka ziwiri zoyamba ndikanalowa kwachiwiri, bola kagawidweko kakhale papepala. Nyumba sizigulidwa tsiku ndi tsiku ngati tomato pa Ndirande. Miyezi itatu imatha kudutsa osagulitsa kanthu, ndipo pa komishoni yokhayokha, wolipira thiransipoti ya mwana miyezi imeneyo mudzakhala inu, mayi.